Kumene Anapita a Jórunn

Maliro a mayi Jórunn anali achilendo ngakhale kwa amuna awo. A Kolbeinn anakhala pa mpando wakutsogolo, tayi yakuda ili pakhosi, akudikira kuti wina anene mawu aja amene amanenedwa pa maliro alionse, oti mnzathuyu watsogola kwakuti, tidzamupeza. Anadikira mpaka khofi anafika. Panalibe m'busa, panalibe nyimbo imene ankaidziwa. Mayi wina wamtali dzina lake Hallveig, atavala chimkanjo chaubweya, anakweza chibangili chasiliva m'mwamba, natchula milungu yakale, nanena zabwino zambiri za malemu. Zonsezo zinali zoona. Koma za kumene munthuyo wapita, kunali zii.

Tisawanamizire, a Kolbeinn sanali munthu wa tchalitchi kwenikweni. Anali ngati ambirife m'tauni muno, kutchalitchi pa Khirisimasi, pa ukwati ndi pa maliro, kwatha. Ntchito yawo inali yoyendetsa basi kuchoka padoko lathu kupita mumzinda, mpaka anapuma. Akazi awo ndiwo analowa chipembedzo cha makolo atakula kale, imvi zitayamba, ndipo a Kolbeinn sanawaletse. Ankangoti, "Inu pitani mukamwe mowa ndi milungu yanuyo, ine changa n'kukuperekezani." Ndipo ankawaperekezadi. Mwambo uliwonse, kaya wolandira chisanu, kaya wa dzuwa likabwerera, ankawatengera ku chigwa cha kuseri kwa phiri, n'kuimika galimoto pafupi ndi geti la nkhosa, n'kutsala momwemo. Magalasi otseka, wailesi ikulira, fulasiki ya khofi ili pamiyendo.

Chimene chinkawanyansa chinali chimodzi. Mwambo ukamapita kumapeto, gulu lonse lija linkatembenuka, kufulatira moto, n'kuyang'ana galimoto yawo, ena mano ali pamtunda. Munthu sachita kuuzidwa akamasekedwa. A Kolbeinn ankangotambasula nyuzipepala n'kubisa nkhope mpaka anthuwo atatembenukanso. Pobwerera sankafunsa kanthu, ndipo a Jórunn nawo sankaiyamba nkhaniyo, ankangoimba kanyimbo chapansipansi akuyang'ana nkhosa m'mbali mwa msewu.

Pa khofi wa pamaliro paja, anthu akudya mandasi opota, a Kolbeinn anapezeka aima pafupi ndi Ketill, mmodzi wa gulu lija, wowotcherera zitsulo kudoko, chimunthu cha ndevu zofika pachifuwa, kanyundo kasiliva kakulendewera pakhosi. Anamukokera pambali.

"Achimwene, tandiuzani. Kwanuko munthu akafa amapita kuti?"

Ketill ndi wabwino mtima, koma pakamwa pake palibe mabuleki.

"Zimatengera kafedwe, bambo. Wofera kunkhondo amatengedwa ndi mulungu Odin, kukadya ndi kumwa ku chinyumba chake. Womira m'nyanja amatengedwa ndi Rán, mwini nyanjayo. Koma wofera pabedi ndi matenda, ameneyo amatsikira kwa Hel."

"Kwa Hel ndiye kuti?"

"Kunsi. Amati n'kozizira, kwa mdima." Apa ndi pamene Ketill anakumbukira kuti akulankhula ndi mwini maliro, ndipo anameza ndasi losatafuna. "Koma ena amati si koipa ayi, bambo. N'kwa phee chabe."

A Jórunn anafera pabedi, m'chipatala, khansa itawadya mpaka kutsala mafupa. Ndipo anali munthu woopa kuzizira, wogona ndi masokosi ngakhale mu Julaye, mwezi wotentha kuno.

Nyumba inakula. A Kolbeinn sankadziwa kuti kanyumba ka zipinda zitatu kangakule chonchi. Mwana analibe, Mulungu sanawapatse, kapena milungu, zilizonse. Abale anabwerera mumzinda maliro atangotha. M'mawa ankapezeka atulutsa makapu awiri, n'kubweza imodzi mwakachetechete ngati pali wina woti awaone. Nsomba youma ankaidya ataima pa sinki, osapaka n'komwe batala, chifukwa kukhala patebulo kunali kuyang'anizana ndi mpando. Anasungulumwa, ndipo kusungulumwako kunali ndi funso limodzi lokha mkati mwake.

Iwo sankafuna kuphunzira chipembedzo. Ankafuna kudziwa kumene akazi awo ali, kuti tsiku lawo likadzakwana adzapite komweko. Ngati a tchalitchi amapita kwina ndipo a milungu yakale amapita kwina, ndiye kuti iwo anali pa basi yolakwika, ndipo ankafuna kutsika nthawi ikadalipo. Ngati a Jórunn ali kozizira, chabwino, iwo ankafuna kupita kozizira komweko atanyamula bulangeti.

Safunsa anadya phula. Anayamba ndi mayi Bergljót, mnzawo wa ponda apa m'pondepo wa malemu, amene amalima tomato m'nyumba ya magalasi kumtunda kwa tauni. Anawapeza akumangirira tomato, m'kati muli thukuta lokhalokha pamene kunja mphepo ikuzula zipewa.

"Mwamva kwa Ketill zimenezo?" Mayi Bergljót anaseka mpaka kugwira chiuno. "Ketill uja amakomoka akaona jakisoni, ndiye azinena za kufera kunkhondo? Aja ndi a milungu ya kumwamba, a Kolbeinn. Odin, Thor, malupanga, phokoso. Ife ndife a milungu ya nthaka, Freyr ndi Freyja. Mvula, udzu, nkhosa zibereke bwino. Jórunn anali wa mbali yathu."

"Ndiye muli pawiri?"

"Pawiri? Bwenzi zili bwino. Tili ngati mitsinje ya m'phiri ili, uliwonse ndi njira yake, koma moto timawotha umodzi."

"Nanga a mbali yanu akafa amapita kuti?"

"Ine ndimakhulupirira kuti amalowa m'phiri la kwawo, kukakhala ndi makolo. M'menemo muli moto, muli chakudya, muli nkhani. Simuzizira ayi."

Mtima wa a Kolbeinn unayamba kutsika. Kenako dalaivala wa mwa iwo anadzuka.

"Phiri liti? Kwawo kwa Jórunn ndi kum'mawa, uko anabadwira. Kuno anangokwatiwa. Ndiye walowa la kum'mawa kapena lathuli? Chifukwa ine makolo anga ndi a kuno."

Mayi Bergljót anayang'ana chingwe chimene chinali m'manja mwawo. "Zimenezo sindinaganizepo," anatero. Anawapatsa tomato m'kathumba, ndipo a Kolbeinn anakamuika pawindo mpaka anaola.

Wachiwiri anali a Arnkell, mphunzitsi wopuma, amene m'mawa uliwonse amaviika mafupa ake m'dziwe la madzi otentha pamodzi ndi madala ena a m'tauni. Nayenso ndi wa mwambo wakale. A Kolbeinn analowa m'madzi mpaka m'khosi n'kufunsa funso lawo, nthunzi ikuwabisa nkhope.

"Kolbeinn, mnzanga, ine sindikunamiza," anatero a Arnkell. "Kwa ine milungu ndi mayina amene makolo anapatsa mphepo, bingu ndi nyanja. Ndimapita ku mwambo chifukwa ndimalemekeza dziko limene latidyetsa. Munthu akafa amabwerera ku dothi, dothi limera udzu, udzu zidya nkhosa. Si zokongola zimenezo?"

"Ndiye kuti sali kulikonse?"

"Ali paliponse."

"Kukhala paliponse n'chimodzimodzi ndi kusakhala kulikonse," anatero a Kolbeinn. "Ine ndayendetsa basi moyo wanga wonse. Kulibe siteji yotchedwa Paliponse."

Mdala wina anayamba kuseka, koma ataona nkhope yawo anasandutsa kusekako chifuwa. A Kolbeinn anatuluka m'madzi nthawi yawo isanakwane, ndipo mphepo inawamenya pamsana ponyowa mpaka kukafika m'chipinda chovalira.

Anayesanso pafoni, magalasi ali pamphuno, chala chimodzi chikugogoda. Kumeneko ndiye kunali chipwirikiti. Awa akuti tsatirani zakale ndendende osawonjeza kanthu, awa akuti zakale zinatayika, aliyense adzipezere njira. Ena a kunja kwa dziko anali kufunsa za magazi, kuti agogo ako anali a mtundu wanji. A Kolbeinn anaizima foniyo n'kuiponya pa mpando wa a Jórunn, kenako anaichotsapo msangamsanga.

Anatsala ndi Hallveig, mayi wa chimkanjo uja. Masiku wamba amagwira ntchito mufamase, atavala gauni yoyera, ndipo a Kolbeinn anadikira mpaka wogula womaliza atatuluka ndi mankhwala ake a chimfine.

"Mayi, inu ndinu mkulu wa zimenezi. Ketill akuti kunsi kozizira. Bergljót akuti m'phiri, koma phiri lake sakulidziwa. Arnkell akuti mu udzu. A pafoni akufunsa za magazi. Wonama ndani?"

"A magaziwo asiyeni, si anzathu, moto wathu sawotha," anatero Hallveig. "Enawo palibe wonama. Makolo eni akewo sankagwirizana, ndipo sanatisiyire mawu amodzi oti aliyense atsate."

"Nanga inuyo mukuti chiyani?"

"Ine ndikuti sindikudziwa, bambo."

A Kolbeinn anapsa mtima, ndipo munthu wofatsa akapsa mtima amalankhula motsitsa kwambiri.

"Ndiye mumakweza anthu basi yopanda chikwangwani? Mkazi wanga munamukweza, mwamusiya kuti simukudziwa. Kutchalitchi mwina amanama, koma amakuuza."

Hallveig sanadziteteze. Anangokonza timabotolo timene tinali tokonza kale.

"Loweruka tikulandira chisanu ku chigwa kuja. Njira mukuidziwa kuposa tonsefe. Mubwere. Sindikulonjeza yankho."

"Ndidzere chiyani ndiye?"

"Mudzaone chimene Jórunn ankachita kumeneko. Mwina munkaonera patali kwambiri."

Loweruka linafika ndi mitambo yotsika, chipale chofewa chitayamba kuyera pamwamba pa phiri. A Kolbeinn anavala suti ya pamaliro ija ndi tayi yake, poti sankadziwa kuti kwa milungu amavala chiyani. Anaimika galimoto pamalo pawo pa geti la nkhosa. Manja anachita okha zimene anazolowera: wailesi, fulasiki, nyuzipepala. Anakhala choncho, akuyang'ana anthu akusonkha moto. Kale pa nthawi ngati imeneyi chitseko cha mbali inayo chinkatseguka, mphepo n'kulowa, a Jórunn n'kunena kuti, "Musamalize khofi yense." Lero chitseko chinangokhala. Anatsegula chawo, natuluka.

Kuchoka pageti kukafika pamoto si patali. Anthu anali ataima mozungulira, ovala majekete a mvula, ena ndi ana, wina ndi galu. Ketill atawaona anasuntha chithupi chake n'kuwapatsa malo pakati pa iye ndi mayi Bergljót. Hallveig anakweza chibangili chija, nalengeza kuti malowo ndi a mtendere. Kenako anatenga nyanga yaikulu ya ng'ombe, yomweramo, naidzaza mowa wa uchi.

Mayi Bergljót anawanong'oneza. "Izungulira katatu. Koyamba ndi kwa milungu. Kachiwiri kwa amene anatisiya. Kachitatu aliyense amanena za kumtima kwake. Ngati mulibe mawu, ingoigwirani n'kupatsira mnzanu."

Ulendo woyamba a Kolbeinn anachitadi zomwezo. Ketill anabangula dzina la Thor, mayi Bergljót anatchula Freyja ngati akuitana mnansi, a Arnkell anakwezera nyanga kwa mphepo ya kumpoto. Aliyense akatchula wake, gulu lonse linkavomera pamodzi, ndipo panalibe wotsutsa mnzake. A Kolbeinn anaigwira nyangayo, yolemera, yofunda ndi manja a anthu, n'kuipereka.

Ulendo wachiwiri mawu a anthu anatsika. Wina anatchula bambo ake, wina mchimwene wake amene nyanja sinabweze, mtsikana wina anatchula agogo ake n'kulira. Nyanga ikuyandikira, a Kolbeinn anazindikira kuti chichitikireni maliro sanatchule dzina la akazi awo kwa iwo eni, ankangolitchula pofunsa anthu njira. Inafika. Anaigwira ndi manja awiri.

"Jórunn," anatero. Liwu linatuluka laling'ono.

"Jórunn," linavomera gulu.

Anaikweza kuti amwe. Tsopano, mwana aliyense wa pagulu paja amadziwa kuti nyanga imamwedwa nsonga itayang'ana pambali. Ukaimwa nsonga ili m'mwamba, mowa umayamba wakana, kenako umabwera wonse nthawi imodzi. Palibe anakumbukira kuwauza. A Kolbeinn anapendeketsa, osamva kanthu, anapendeketsanso, ndipo mowa unawakhuthukira kumaso, m'mphuno, m'khosi, tayi yonse chonyowa mpaka m'malaya.

Galu yekha ndiye anayandikira kudzanyambita nsapato. Kenako mayi Bergljót analephera kudzigwira, kuseka kunawaphulika, misozi ikutsika nthawi yomweyo.

"Pepani, a Kolbeinn, pepani. Koma ananena. Ankati, tsiku limene Kolbeinn wanga adzatuluke m'galimoto muja, mudzamuuze za nsonga, apo ayi adzasamba."

A Kolbeinn anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. "Ankanena za ine kuno?"

Anthu anayang'anana.

"Bambo," anatero Ketill, "inu simukudziwa? Ulendo wachitatu uliwonse. Ife tikunena zathu, wina ntchito, wina ngalawa yatsopano. Iwo ikawafika nyanga ankafulatira moto n'kuikwezera ku geti uko, n'kunena kuti, kwa Kolbeinn wanga wa m'galimoto, akhale ndi moyo. Ndiye tonse tinkatembenuka n'kuvomera. Zaka zonsezi. Mwana wanga wamng'ono ankayesa kuti Kolbeinn wa m'galimoto ndi mmodzi wa milungu."

A Kolbeinn anatembenuka pang'onopang'ono. Kuchokera pamene anaimapo, galimoto inkaoneka yonse, galasi lakutsogolo, chiwongolero, mpando wa dalaivala. Munthu wokhala mmenemo akanaoneka mpaka makwinya a pamphumi.

"Ndiye ankandiona ndikubisala ku nyuzi," anatero.

"Ankaona," anayankha mayi Bergljót. "Ankati nyuzi ikakwera ndiye kuti mwamva, mukungochita manyazi. Ankakondwa nazo."

A Kolbeinn akanawauza chiyani? Kuti magalasi ankakhala otseka, wailesi ikunena za nyengo ya panyanja? Kuti iwo ankayesa akusekedwa? Madzi akatayika saoleka. Anangoima, mowa ukudontha kuchibwano, nyanga ili m'manja.

Hallveig anabwera, naidzazanso pang'ono, nawatembenuzira nsonga pambali ndi chala chimodzi. Anamwa. Unali wotsekemera kuposa mmene ankaganizira.

"Funso langa lija likadalipo, mayi," anatero motsitsa.

"Ndikudziwa. Kumene ali sindingakuuzeni, ndipo aliyense wokuuzani motsimikiza akungokutonthozani. Chimene ndikudziwa ndi ichi chokha. Nyanga ikamazungulira kachiwiri, dzina lake lizimveka pano malinga ngati pali woyatsa moto uwu."

"Nanga langa? Ine mwana ndilibe. Ndikadzafa adzanditchula ndani?"

Ketill ndiye anayankha, ndipo ulendo uno mabuleki sanafunike.

"Bambo, ife dzina lanu takhala tikulitchula musanatipatse n'komwe moni. Tisiye chifukwa choti mwafa? Tidzangolisamutsa, kuchoka ulendo wachitatu kupita wachiwiri. Pambuyo pa la mayi."

A Kolbeinn anali atayamba kunjenjemera, malaya onyowa atamatirira pachifuwa, ndipo mphepo ya kuphiri sinkawamvera chisoni. Mayi Bergljót anawakankha pang'ono paphewa.

"Pitani mukavule zimenezo musanatidwalire. Juzi muli nayo m'galimoto?"

Anali nayo, imene a Jórunn anawalukira, ya mizere yotuwa pachifuwa. Anabwerera ku geti, nalowa, navula jekete ndi tayi ndi malaya, navala juziyo pathupi. Anakhala pa mpando wawo. Wailesi anali ataisiya ikulira, munthu akuwerenga za mphepo ndi mafunde. Anaizima. Anayang'ana galasi la pambali pawo kwa kanthawi, kenako analitsitsa.

Mawu analowa ngati anthuwo aima pa chitseko. Kuthetheka kwa nkhuni kunkamveka, kulira kwa kamwana kunkamveka, a Arnkell akukwezera nyanga kwa bondo lawo lakumanzere kuti lipirire chisanu china, anthu akuseka. Liwu lililonse linkafika, loyera. Zaka zonsezo chinkatchinga chinali galasi limodzi.

Nyanga inafika kwa mayi Bergljót. Anaigwira, naima pang'ono, kenako anafulatira moto. Gulu lonse linatembenuka nawo.

"Kwa Jórunn, kulikonse kumene ali," anatero mayi Bergljót. "Ndi kwa Kolbeinn wake wa m'galimoto."

"Jórunn ndi Kolbeinn," linavomera gulu.

Kumene akazi awo anapita sankakudziwabe, ndipo kunyumba kunkawadikira mpando womwe uja. Koma mayina awiriwo anawamva ali pamodzi, lina pambuyo pa linzake. Nyuzipepala inali pa mpando wa a Jórunn, yopinda, ndipo dzanja lawo linapita komweko mwa chizolowezi, n'kuima panjira. Anatenga chivundikiro cha fulasiki, nathiramo khofi, natulutsa mkono pawindo n'kuchikweza m'mwamba, nkhope ili poyera, misozi ikutsikira mu juzi.